Pansi pa Chitenje cha Achemwali

"Chijasi chimenecho muvule pompano! Munachipachika chaka chatha anthu akuombera m'manja, lero chalowanso bwanji m'nyumba muno?"

Anali achemwali anga Alesi amenewo, mawu ali m'mwamba. Nyumba zathu n'zogundana makhonde, pajatu kuno tiyi wa esiteti anatizinga mpaka kuseri kwa bafa, ndiye achemwali akamakalipa zimamveka ngati akukalipira ine. Ndinasiya chimanga chimene ndinkatong'ola n'kuthamangira komweko.

Alamu anga, a Lusayo, anali chilili pabalaza atavala chijasi cha khaki cha odulitsa ziphaso pamsika. Chinali chitawakulira. Munthu anali atatha thupi chipumireni pantchito.

"Amake Tione, tandimverani kaye. Mawu sindinamalize."

"Nenani, makutu ndili nawo."

"Anandiitanitsa a Reginald, aja oona za ndalama kukhonsolo. Akuti thumba lauma. Za kuboma sizinabwere, eni masitolo msonkho akuzemba, chimene chinatsala ndi ziphaso za m'misika basi. Ndiye inunso amayi mwayamba kukana kudula. Akuti nanga ndalama zathu zopumira pantchito azitenga kuti?"

"Ndiye akuti inu mutani?"

"Akuti ndibwerere mwezi umodzi wokha. Anyamata atsopanowa zawakanika. Msika ukangoyambanso kudula, cheke choyamba kutuluka n'changa."

"Ohoo. Msika ukukana kudulawo wapampando wake ndani?"

Alamu anayang'ana pansi. "Ndinu."

"Ndiye bwanji osangonena kuti akutumani kwa mkazi wanu? Bambo a Tione, mwakalamba ndi nzeru zomwe kodi? Mukuganiza kuti m'gulu lonse la opuma pantchito lija asankha inu chifukwa cha nkhope?"

Apa ndiyenera kufotokoza pang'ono. Ine ndi achemwali timagulitsa pamsika wa Nantchefu, iwo mapeyala, ine nthochi ndi mbatata. Chiphaso timadula tsiku ndi tsiku kuyambira tili atsikana. Koma chimbudzi cha pamsika chinadzaza n'kugumuka, mpope unauma, dzala linakula mpaka kufika pamene amagulitsa usipa. Mnzathu Debora wa zitumbuwa anakagona kuchipatala ku Makwasa, m'mimba mutatseguka, anatsala pang'ono kutisiya. Titakadandaula anatiuza kuti bajeti ilibe. Tinati chabwino, ifenso tilibe.

Nzeru yake anabweretsa achemwali. Lamulo limati wodula chiphaso ndi amene wayala malonda poyera. Ndiye ife tinayamba kufunditsa malonda athu ndi zitenje. Wogula amagwada, n'kupisa dzanja kunsi, n'kusankha peyala lake mopapasa, ndalama n'kusiya momwemo. Wa khonsolo akabwera timangoti, "Sitikugulitsa achimwene, tikuwothera dzuwa." Nanga ndi mwamuna uti wamutu wake angavundukule chitenje cha mkazi wa mwini pagulu? Mnyamata wina anayesa kugwira kansonga chabe, amayi anakuwa mpaka anathawa n'kusiya nsapato imodzi.

Ndiye a Reginald, kuchenjera konseko, anakumbukira kuti alipo mwamuna mmodzi padziko pano amene angavundukule chitenje cha achemwali popanda mlandu.

"Alamu," ndinatero ine, "ntchito imeneyi ndiye mwaipeza. Ena amalembedwa ndi satifiketi ya sukulu, inu akulembani ndi ya ukwati."

Masiku onse alamu ndikawaseka amabweza. Tsiku limenelo sanaseke.

"Sellah, inu muli pamudzi panu. Mukadzafa adzakuikani pafupi ndi amayi anu. Ine ndinachoka ku Karonga ndili mnyamata, makolo anatha, malo abale anagawana. Kwathu mwamuna sakhala kwa mkazi, koma ine ndakalambira pano, ngakhale mtengo wa peyala ndinaubzala ndekha uja si wanga. A Elson a ku Chimaliro andisungira kamalo chaka chonse. Akuti mwezi uno ukatha agulitsa kwa wina. Ndikufuna kachidutswa kokha kakuti ndizitchula kuti panga. Ndalakwa?"

"Ndani anakuthamangitsani pano?" anafunsa achemwali.

"Palibe. Koma mchere wa m'nyumba muno akugula Tione, mwana wamkazi, ndi ndalama yothyola tiyi mame ali m'chiuno. Ine bambo wake ndili pakhonde ngati galu wokalamba. Zikundiwawa, amake Tione. Ndalama zimenezo si zopempha, ndinazigwirira ntchito."

"Zoti munazigwirira ntchito ndikudziwa, chijasicho ndinkachapa ndine. Koma mvetsani bwino, Sellah ali pompano ndi mboni. Pamsika paja yendani mmene mungayendere. Lankhulani, nyengererani, opsezani. Koma tsiku limene mudzagwire chitenje changa pamaso pa anthu, mudzakhala mwadzilongedzera nokha."

Achemwali ndimawadziwa. Sabwereza mawu kawiri.

Sabata yoyamba alamu ankangozungulira mumsika, bukhu la ziphaso lili kukhwapa. Amayi ankawalonjera mwaulemu ndithu, chifukwa zaka zonse zija sanali munthu wankhanza. Wina akakhala kuti sanagulitse ankamudumpha ngati sanamuone.

"Mwaswera bwanji, amayi? Lero kuli chiyani pansipo?"

"Kuli miyendo yathu, a Lusayo."

"Miyendo yonunkhira nanazi chonchi?"

"Ndi mafuta odzola atsopano, abwera kumene kuchokera ku Limbe."

Msika wonse kuseka. Iwonso ankamwetulira, koma ukawayang'ana bwino umaona kuti kumtima kulibe chimwemwe. Mzere wathu ankaulambalala. Madzulo ankabwerera kunyumba bukhu lili lathunthu, n'kupachika chijasi panja pa msomali wa pakhonde, chifukwa m'nyumba achemwali anachiletsa.

Tsiku lina tinatsagana pobwerera, m'kanjira kodutsa m'tiyi. Ndinati ndiwasereule pang'ono kuti mtima utsike.

"Alamu, achemwali akakuthamangitsani musadandaule. Khonde langa ndi lalikulu, mudzagona ndi nkhuku."

"Musaseke, Sellah. A Kingsley mukuwakumbuka? Aja ankasesa mumsika?"

"Amene anamwalira mwezi wa mvula aja?"

"Omwewo. Tinapuma tsiku limodzi. Tinkakhala benchi limodzi kukhonsolo, kudikira. Akatiuza kuti bwerani Lolemba, Lolemba tinkabwera. A Kingsley anafa akudikira Lolemba. Bokosi tinachita kusonkherana ife apabenchi. Tsopano mkazi wawo ndi amene akukhala pamalo pawo paja, akumuuza zomwezo. Ine sindikufuna kuti achemwali anu adzakhale pabenchi limenelo chifukwa cha ine."

"Ndiye mukukhulupirira kuti a Reginald adzakupatsanidi?"

"Analumbira. Anandigwira dzanja."

"Dzanja! Alamu, munthu uja galimoto ya khonsolo siisowa mafuta akamapita kumisonkhano kunyanja. Mafuta amasowa ikafunika kudzachotsa zinyalala."

"Zimenezo ndikuzidziwa kuposa inu. Koma ndigwire chiyani china?"

Ndinawamvera chisoni, ndipo ndinakwiya, osadziwa kuti ndikwiyire ndani kwenikweni.

Sabata yachiwiri inapita chimodzimodzi. Yachitatu, Lachinayi madzulo, alamu anafika n'kukhala pampando wa pakhonde osavula chijasi. Achemwali ankapukuta mapeyala, ine ndikuwathandiza.

"Mawa ndi fotinaiti," anatero alamu. "A pa esiteti alandira, msika udzaza. A Reginald akuti abwera okha ndi asikari. Akuti ndikapanda kudulitsa mawa, dzina langa libwerera pansi penipeni pa mndandanda wa odikira ndalama."

Achemwali anasiya nsanza yopukutira. Ulendo uno sanakalipe.

"Bambo a Tione, tamvani. Amene anadya ndalama zanu si Debora, si ine, si amayi a tomato. Ife takhala tikudula zaka zonsezi, inu mukutolera, n'kukapereka. Zinapita kuti? Vulani chijasicho. Lolemba titseke msika, amayi tonse tikuperekezeni, tikakhale pakhomo pa ofesi yawo pamodzi ndi mkazi wa a Kingsley. Tikafunse chimbudzi chathu ndi ndalama zanu pakamwa pamodzi."

"Kuti anthu aziti Lusayo wapita kukalira atabisala kumbuyo kwa mkazi wake?"

"Ndiye n'kwabwino aziti Lusayo anavula mkazi wake pamsika?"

"Ndi chitenje chofundira mapeyala chabe. Si chimene mwavala."

"Kwa inu ndi chofundira mapeyala. Amayi onse aja akuyang'ana ine. Changa chikangovundukuka, zonse zavundukuka, ndipo chimbudzi chija sadzachikumbanso mpaka wina afe. Ine ndinawauza kuti mwamuna wanga sangachite zimenezo. Ndinawatsimikizira, bambo a Tione."

"Simunandifunse."

"Sindinkadziwa kuti n'zofunika kufunsa."

Ine ndinanyamula dengu langa mwakachetechete n'kubwerera kwanga, chifukwa pamenepo panalibenso pa mlamu woseka.

M'mawa kunacha ndi chiperoni, nkhungu ili mbuu m'tiyi monse. Alamu anali atalawirira. Achemwali anandiitana kuti ndiwasenzetse dengu, atalimanga kale ndi chitenje chawo chobiriwira cha kumpingo. Nditalinyamula ndinadabwa.

"Achemwali, mapeyala a lero opepuka bwanji?"

"Senzetse, usandifunse."

Msika unayamba kudzaza dzuwa litapendeka, othyola tiyi atalandira. Anabwera ndi majombo awo ndi mapepala a pulasitiki m'chiuno, ena akupisa kale manja pansi pa zitenje. Koma aliyense wofika pa achemwali ankamubweza. "Lero kulibe, pitani kwa Sellah." Anangokhala tsonga, manja pamaondo, dengu lili patsogolo pawo.

Kenaka galimoto ya khonsolo inaima pafupi ndi dzala. Anatsika a Reginald atatseka mphuno ndi kampango, asikari awiri pambuyo. Alamu anali patsogolo, chijasi atamanga mabatani mpaka m'khosi.

Anayambira kwa amayi a tomato. "Amayi, chonde, lero tiyeni tidule."

"Ife tilibe mawu, a Lusayo. Yambani ndi apampando. Chawo chikavundukuka n'kupezeka malonda, tonse tidula."

Anapita kwa Debora. Debora anangoloza ndi mlomo kumzere wathu. Paliponse yankho linali lomwelo, mpaka anafika pamene panali ife. Msika wonse unaima. Ngakhale anyamata a kabaza anazimitsa njinga zawo.

"Amake Tione."

"Wawa."

"Pansipo pali chiyani?"

"Palibe chogulitsa."

"Chonde, vundukulani nokha. Musandichititse zimenezi."

"Ine sindikukuchititsani kanthu. Manja ndi anu."

A Reginald anasendera kukhutu kwawo, koma tonse tinamva. "Madala, nthawi ikutha. Si akazi anu kodi amenewa? Mukuopa chiyani? Cheke chanu chikungodikira siginecha yanga."

Ndinati, "Alamu, musatero," koma mawu anatuluka ang'onoang'ono. Anawerama. Achemwali sanagwire chitenje chija, sanakuwe, anangowayang'ana m'maso. Alamu anatsina pansonga n'kukoka.

Mudengu munalibe peyala ngakhale limodzi. Munali chikwama chakuda cha alamu chimene anabwera nacho kuchokera ku Karonga, chodzaza mpaka zipi kukanika kutseka. Pamwamba panali nsapato zawo zopitira kutchalitchi, zopolishidwa bwinobwino, ndi kawailesi kawo.

Mayo ine! Wina kumbuyo anayamba kuseka n'kusiyira panjira.

"Mukanapanda kugwira," anatero achemwali, mawu ali pansipansi, "ndikanachisenza kubwerera nacho kunyumba, n'kubwezera zonse m'malo mwake musanafike. Simukanadziwa n'komwe."

Alamu anatsala chilili, chitenje chili m'manja.

A Reginald sanamvetse msanga. Anaona nsapato ndi wailesi, basi nkhope inawala. "Eya! Kaunjika ameneyu. Malonda ali poyera tsopano. Mayi, dulani chiphaso."

"Sindidula."

"Mukudziwa lamulo? Wokana kudula timamulanda katundu."

"Landani. Lamulo ndi lanu."

"Bwana," anatero alamu, "katunduyu ndi..."

Koma asikari anali atanyamula kale chikwama, nsapato ndi wailesi, akuthamanga nazo kukaofesi ka khonsolo kumapeto kwa msika, okondwa kuti lero apeza cholanda. A Reginald anatembenukira kwa amayi ena. "Mwaona? Tiyeni, aliyense adule!"

"Tinati kukapezeka malonda," anayankha Debora. "Ife taona malaya a mwini wake."

Apa ndiye msika unaphulika. Ena kuseka, ena kukuwa, ena kuwomba m'manja. Palibe anadula ngakhale mmodzi. Achemwali okha sanaseke. Anatenga dengu lawo lopanda kanthu, n'kuliika pamutu, n'kulowa njira ya m'tiyi osacheuka.

Ine ndinasiyira Debora nthochi zanga n'kutsatira alamu kukaofesi kaja. Ndinawapeza ataima pakhomo, a Reginald ali mkati akupukuta nsapato zawo ndi pepala.

"Bwana, chikwamacho n'changa. Zovala zanga zonse zili mmenemo."

"Chalowa kale m'sitolo, madala. Katundu wolandidwa amatuluka ndi chindapusa. Inu mwagwira ntchito imeneyi zaka zambiri, ndichite kukuphunzitsani?"

"Ndilibe ndalama. Dulani pa zanga zimene mukusungazo."

"Aaa, amenewo ndi matumba awiri osiyana. Sitisakaniza."

"Nanga cheke? Mwanena pompano kuti chikungodikira siginecha."

"Tinagwirizana kuti msika udule. Wadula? M'malo mwake mwatichititsa manyazi pagulu." A Reginald anaimirira n'kutenga makiyi a galimoto. "Nkhani yanu tidzaiona. Bwerani Lolemba. Chijasicho musiye, ndi katundu wa khonsolo."

Ndinapsa mtima mpaka kuiwala ulemu. "Inu a Reginald, mulibe bambo kwanu? Munthu mwamuphera banja, mukufunanso kumuvula?"

"Mayi, ine ndimangotsata ndondomeko. Mavuto a m'banja si a khonsolo."

Alamu anamasula mabatani limodzilimodzi, n'kupinda chijasi chija bwinobwino monga ankachitira kale, n'kuchiika patebulo. Mkati anali atavala kamalaya kamkati kobooka paphewa. Malaya awo onse abwino anali m'chikwama. Galimoto inanyamuka, msikari anakhoma chitseko, ife tinatsala panja chiperoni chikuwaza.

Alamu anakhala pansi pakhonde la kaofesi kaja. Ndi pamene anazindikira kuti chitenje chobiriwira chija chikadali m'manja mwawo, anachifumbata njira yonse. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anachitambasula n'kudzifunditsa m'mapewa.

"Alamu, tiyeni kwanga. Za nkhuku zija ndinkangoseka, chipinda cha ana chilipo."

"Khonde lanu likugundana ndi lawo, Sellah. Ndikawayang'ana bwanji? Pitani, kukuda. Mlonda wa pano ndi mnzanga."

"Mpaka liti?"

"Anena kuti Lolemba."

Ndinafika kunyumba nyali zisanayatsidwe. Achemwali anali pakhonde, pampando wa alamu, akuyang'ana msomali uja ankapachikapo chijasi. Maso anali ofiira koma misozi inali itauma.

"Ali kuti?"

"Pakaofesi. Chikwama akuti chituluka ndi chindapusa. Chijasi awalanda."

"Ndiye avala chiyani kuzizira kuno?"

"Chitenje chanu."

Anamasula mfundo ya pansonga pa chitenje chimene anavala, pamene amamangapo ndalama za mapeyala. Anaziyang'ana. Ndinkadziwa kuti zikanakwana kulipira chindapusa. Koma anamanganso mfundo ija, n'kuikoka ndi mano kuti ilimbe.

"Khonsolo siidzaona tambala yanga chimbudzi chisanakumbidwe. Ndikapereka ine, mawa amayi onse aja ndiwauza chiyani?"

"Ndiye munthu afe ndi mphepo?"

Analowa m'nyumba. Ndinamva akukoka china chake kuchipinda. Anatuluka ndi bulangete la pabedi pawo, lokhalo lolemera limene anali nalo, n'kundiponyera m'manja.

"Thamanga kusanade. Ukanene kuti ndi lako."

"Achemwali, bulangete afunda zaka zonsezi angalephere kulidziwa?"

"Alidziwe. Koma iwe ukanene kuti ndi lako."